Kafukufuku wa Ophunzira a ku Yunivesite M'midzi ya Machinga ndi Balaka

Wophunzira wa digiri yoyamba m'mayunivesite ambiri a m'dziko muno savala mkanjo asanachite kafukufuku wakewake. M'chaka chomaliza amasankha funso limodzi n'kulemba momwe adzalifufuzire. Mphunzitsi womuyang'anira akavomera, amanyamuka kukafunsa anthu, kuyeza ndi kuwerengera, kenako amalemba buku lomwe amakaliikira kumbuyo pamaso pa aphunzitsi ake. A digiri yachiwiri ndi yachitatu amachita zomwezo mozama, ena kwa zaka zitatu kapena zinayi. Chaka ndi chaka mabuku otere amatuluka ambirimbiri ku University of Malawi ku Zomba, ku Kamuzu University of Health Sciences, ku Mzuzu University, ku LUANAR, ku MUBAS ndi ku MUST, ndipo ochuluka mwa iwo amakamba za moyo wa kumudzi.

Machinga ndi Balaka ali m'gulu la maboma omwe ofufuza awapondaponda kwambiri. Awiriwa anali boma limodzi mpaka mu 1998, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu 735,438 ku Machinga ndi 438,379 ku Balaka. Zokopa ofufuza n'zoonekeratu. Kuchoka ku Zomba kufika ku Liwonde, n'kukhotera ku Nsanama pa msewu wa ku Ntaja, ndi ulendo womwe wophunzira angapite ndi kubwerako pa minibasi tsiku lomwelo. Madambo a mtsinje wa Shire ndi a nyanja za Chilwa ndi Chiuta amaswetsa udzudzu wambiri. Umphawi ndi wozama, ndipo kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ku Machinga atsikana 41 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali oyembekezera, pomwe m'dziko lonse anali 29.

Nthambi zitatu za maphunziro zimakhudza kwambiri dera lotere: ndondomeko za boma zotukula anthu osauka, sayansi ya ubongo, ndi kaphunzitsidwe ka sayansi m'sukulu. Ku yunivesite nthambizi zimakhala motalikirana. Za chikhalidwe ndi chuma amaphunzira ku Zomba, za ubongo ku Blantyre, za uphunzitsi ku Domasi ndi kwina. Koma ku Nsanama zitatuzi zimakumana mwa mwana mmodzi. Ngati pakhomo panalibe ndalama ya kabaza usiku womwe anatentha thupi, anafika mochedwa kuchipatala. Ngati anafika mochedwa, malungo anakhudza ubongo. Zaka zisanu ndi zitatu pambuyo pake mphunzitsi amamulemba m'gulu la ana osamva m'kalasi, osadziwa komwe vutolo linayambira.

Momwe wofufuza amafikira pamudzi

Kafukufuku wokhudza anthu sayamba ndi mafunso ayi, amayamba ndi zilolezo. Ndondomeko ya wophunzira imadutsa kaye ku komiti yoona kuti anthu asapwetekedwe kapena kunamizidwa. A zachipatala ali ndi COMREC, ndipo pamwamba pa makomiti a m'mayunivesite pali makomiti a dziko lonse omwe ali pansi pa National Commission for Science and Technology. Kalata ikatuluka, wophunzira amapita nayo kwa bwanamkubwa, ku ofesi ya zaumoyo kapena ya maphunziro ya boma limenelo, kenako kwa mfumu yaikulu, kwa gulupu, mpaka kwa mfumu ya mudzi womwe akagwiremo ntchito. Wodumpha mfumu sapita patali. Nthawi zambiri womutsogolera khomo ndi khomo amakhala mlangizi wa zaumoyo wa deralo, poti ndiye amadziwa nyumba iliyonse yomwe muli khanda.

Munthu aliyense wofunsidwa ayenera kuuzidwa cholinga cha kafukufukuyo, kuti ali ndi ufulu wokana, ndiponso kuti dzina lake silidzatuluka. Akavomera amasaina kapena kudinda chala. Pamapepala izi n'zosavuta, koma pamudzi zimafuna nzeru. Ku Nsanama anthu ambiri ndi Ayao, ndipo agogo ndi ana aang'ono amamasuka m'Chiyao kuposa m'Chichewa, choncho wophunzira wochokera ku Dedza kapena ku Rumphi amafunika womasulira wokhulupirika. Ukwati wambiri ndi wachikamwini. Fomu ikafuna siginecha ya mutu wa banja, bambo amakhala ali ku Joni, mayi ndiye akusunga pakhomo, ndipo wonena mawu omaliza pa za mwana ndi malume ake. Wofufuza wosadziwa zimenezi amalemba mabanja molakwika kuyambira tsiku loyamba. Ayeneranso kudziwa tsiku la msika, Lachisanu la ku mzikiti, mwezi wa Ramadan, ndi nyengo yobzala pomwe m'mudzi masana mumatsala okalamba okha.

Kafukufuku wotenga magazi ndiye amafuna kufatsa kopambana. Mphekesera za anamapopa zomwe zinabuka mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo zinaphetsa anthu, ndipo zinaimitsa ntchito zambiri za mabungwe. Mantha oterowo sachoka ndi kalata ya chidindo. Amachoka anthu akamuona wofufuza kangapo, akadziwa kwawo, akauzidwa momveka komwe dontho la magazi likupita.

Pali nkhani ina yomwe siikambidwa mokwanira, ya chomwe wofunsidwa amapindula. Crystal Biruk, ali wophunzira wa digiri yachitatu ku University of Pennsylvania, anatsatira magulu a ofunsa mafunso m'midzi ya Malawi mu 2007 ndi 2008, ndipo zomwe anaona zinatuluka m'buku lotchedwa Cooking Data mu 2018. Anafotokoza momwe anthu amapatsidwira sopo atayankha mafunso kwa nthawi yaitali, momwe ena amaonera kuti sopoyo sakulingana ndi zinsinsi zomwe apereka, ndiponso kuti ntchito yolemetsa imagwiridwa ndi achinyamata a ku Malawi, ena a madigiri, omwe maina awo saoneka pa zolembedwa zomaliza. Wophunzira aliyense wopita kumudzi amayenera kuganizapo za izi asananyamuke.

Ndalama pakhomo

Boma la Balaka lakhala likufufuzidwa mosalekeza kuyambira mu 1998, pomwe kafukufuku yemwe lero amatchedwa Malawi Longitudinal Study of Families and Health anayamba kutsatira mabanja omwewo ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka. Kubwerera kwa anthu omwewo zaka ndi zaka n'kotopetsa ndiponso n'kodula, koma kuona maso a nkhono n'kudekha: ndi njira yokhayo yodziwira chomwe chinayamba ndi chomwe chinatsatira m'moyo wa munthu.

M'kati mwa kafukufuku ameneyu munatuluka ntchito ya wophunzira yomwe imatchulidwa padziko lonse. Mu 2004 Rebecca Thornton, yemwe ankachita digiri yachitatu ku Harvard, anafuna kudziwa chifukwa chomwe anthu oyezetsa HIV sabwerera kukamva zotsatira. Nthawi imeneyo zotsatira zinkatenga masabata ambiri, ndipo akatswiri ankati chowaletsa ndi mantha. Iye anachita maere: ena analonjezedwa kandalama kochepa akabwera kudzamva, ena sanalonjezedwe kanthu, ndipo malo omverako zotsatira anaikidwa patali mosiyanasiyana. Mwa osalonjezedwa kanthu anabwera 34 okha mwa 100 alionse. Kandalama kochepetsetsa kanachulukitsa chiwerengerocho kawiri, ndipo mtunda ukatalika obwera ankachepa. Mantha analipo ndithu, koma sanali aakulu monga ankaganizira. Tsiku lotayika kumunda ndi ulendo wapansi zinali zolemera kuposa momwe a m'maofesi ankazionera.

Phindu la maere lagona pakuti magulu awiriwo amafanana pa zina zonse, choncho kusiyana komwe kwaoneka kwabwera ndi chinthu chomwe chikuyesedwacho. Njira yomweyi inagwiritsidwa ntchito ku Zomba mu 2008 ndi 2009, pomwe Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anapereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo. Ena ankalandira pokhapokha akamapita kusukulu, ena ankalandira popanda lamulo lililonse. Ndalama za lamulo zinasunga atsikana ambiri m'kalasi. Koma pochepetsa mimba ndi maukwati, zopanda lamulo ndizo zinapambana, chifukwa mtsikana wosiya sukulu ankapitiriza kulandira, ndipo sankathamangira banja kuti apeze pogwira. Ofufuzawo atabwerera ndalama zitasiya, anapeza kuti phindu lambiri linazilala, komabe ana obadwa kwa atsikana aja pa nthawi yomwe ndalama zopanda lamulo zinkabwera anali otalikirapo pa msinkhu wawo.

Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo Machinga anali m'gulu la maboma oyambirira kuilandira, imapereka ndalama ku mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito, pafupifupi khumi mwa mabanja 100 alionse, ndi kena kapamwamba pa mwana aliyense wa pasukulu. Centre for Social Research ya ku Zomba, yomwe inakhazikitsidwa mu 1979, inaiunika pamodzi ndi University of North Carolina ku Salima ndi ku Mangochi kuyambira 2013 mpaka 2015. Mabanja olandira ankadya kangapo patsiku, anagula mbuzi ndi nkhuku, ndipo ana awo ambiri anali pasukulu. Mawu omwe amamveka m'misika akuti ndalama zaulere zimathera ku mowa sanagwirizane ndi zomwe zinapezeka.

Kafukufuku wokhudza maboma awiriwa mwachindunji ndi Malawi Schooling and Adolescent Study, yemwe bungwe la Population Council linayambitsa mu 2007 m'sukulu za pulayimale 59 za ku Machinga ndi Balaka. Anatsatira ophunzira oposa 1,700 a zaka za m'ma 14 mpaka 17, ndi anzawo oposa 800 omwe anali atasiya sukulu, mpaka mu 2013. Zina zomwe anapeza zinatsutsa zomwe ambiri ankakhulupirira. Mtsikana mmodzi mwa atatu ananena kuti anajomba tsiku limodzi kapena kuposa pa msambo wake wapitawo, komabe masiku amenewa anali gawo laling'ono la kujomba konse, ndipo anyamata ankajomba mofanana ndi atsikana. Izi sizikutanthauza kuti zimbudzi zabwino ndi zovala za msambo n'zosafunika. Zikutanthauza kuti wofuna kuthetsa kujomba ayang'anenso matenda, ganyu ndi ntchito za pakhomo.

Ubongo wa mwana

Ubongo wa munthu uli ndi maselo a mitsempha pafupifupi 86 biliyoni, ndipo umakula mofulumira kwambiri kuyambira m'mimba mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Pofika zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi umakhala utatsala pang'ono kufika kukula kwa ubongo wa wamkulu. Chilichonse chouvulaza pa nthawiyi chimasiya chipsera: kubanika pobadwa, kuchepa kwa magazi, kusowa kwa ayodini mu mchere, kunyentchera, ndi malungo. Mu 2015 ndi 2016 ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira.

Pa malungo a mu ubongo, Malawi waphunzitsa dziko lonse. Kachilombo ka Plasmodium falciparum kakalowa m'maselo ofiira a magazi, maselowo amamatirira m'timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo, mwana n'kuyamba linjirinjiri, kenako kukomoka osadzuka. Mu 1989 Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo a pa chipatala cha Queen Elizabeth anatulutsa muyeso wotchedwa Blantyre Coma Scale. Sufuna makina alionse. Dokotala amaona ngati maso a mwana akutsatira nkhope ya mayi ake, ngati akuthawitsa dzanja akatsinidwa, ndiponso kaliridwe kake, n'kupereka mapointi kuyambira 0 mpaka 5. Mwana wa mapointi awiri kapena kucheperapo ali pangozi yaikulu. Muyeso umenewu ukugwira ntchito m'zipatala za m'maiko ambiri kufikira lero.

Ku Blantyre komweko kunadziwika kuti malungo a mu ubongo amasiya zizindikiro kuseri kwa diso, zomwe dokotala angazione ndi kagalasi kounikira. Ndipo madokotala atayeza matupi a ana omwalira, makolo atalola, anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi omwe ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo anafa ndi matenda ena. M'dera la udzudzu wambiri mwana atha kukhala ndi tizilombo ta malungo m'magazi pomwe chomukomola ndi china. Makina a MRI atafika pa Queen Elizabeth mu 2008, Karl Seydel ndi anzake anajambula ubongo wa ana 168. Mwa 25 omwe anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri, pomwe mwa opulumuka otupa chotero anali 27 mwa 100 alionse. Zotsatirazi zinatuluka mu 2015, ndipo zinaonetsa kuti ubongo wotupa umapanikiza tsinde lake, lomwe limayendetsa kupuma, mwana n'kusiya kupuma.

Opulumuka nawo nkhani yawo siithera pa chipata cha chipatala. Gretchen Birbeck ndi anzake anatsatira ana 132 ochira, ndipo mu 2010 anafotokoza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu anatsala ndi vuto: ena khunyu, ena kulumala kapena kuvutika kulankhula, ena khalidwe losokonekera. Mavuto ena ankaoneka patapita miyezi, mwana ali kwawo kale, kutali ndi dokotala. Apa ndi pomwe ntchito ya wophunzira imalowera. Ku Nsanama kulibe MRI, ndipo wodwala kwambiri amatumizidwa ku chipatala cha boma ku Liwonde. Koma mafunso otsala safuna makina. Kuyambira pomwe thupi latentha mpaka mwana kufika pa chipatala pamapita maola angati, ndipo amatayikira pati? Mwa ana otuluka m'chipatala, ndi angati omwe amaonedwanso? Mankhwala a khunyu amapezeka miyezi ingati pachaka pa chipatala chaching'ono? Bungwe la World Health Organization limati anthu a khunyu ofika 70 mwa 100 alionse atha kusiya kugwa akamamwa mankhwala oyenera, koma m'maiko osauka atatu mwa anayi salandira chithandizo. Chikhulupiriro chakuti khunyu amapatsirana kudzera m'malovu chimachititsa kuti wogwera pamoto asowe womukoka, ndipo mwana wogwa m'kalasi auzidwe kuti akhale kunyumba. Wophunzira wa unamwino wokhala ndi kope ndi njinga angathe kulemba zimenezi mudzi ndi mudzi.

Chida choyezera kakulidwe ka nzeru za mwana chiliponso, ndipo n'chopangidwira konkuno. Miyeso ya ku Ulaya ndi ku America inkafunsa ana zinthu zomwe mwana wa kumudzi kuno sanazionepo, mwana wanzeru n'kumaoneka wotsalira. Melissa Gladstone ndi anzake a ku College of Medicine anakonza Malawi Developmental Assessment Tool, yomwe inatuluka mu 2010. Ili ndi tintchito 136 m'magulu anayi: kayendedwe ka thupi, luso la zala, chilankhulo, ndi kakhalidwe ndi anthu. Inagwiritsidwa ntchito ku Lungwena ndi ku Malindi m'boma la Mangochi mu 2018, pomwe ana 660 a miyezi 6 mpaka 9 anagawidwa pawiri, theka n'kumapatsidwa dzira limodzi patsiku kwa miyezi isanu ndi umodzi. Ku Ecuador dzira linathandiza kwambiri kukula kwa ana. Ku Mangochi silinasinthe msinkhu kapena kakulidwe ka nzeru, ndipo chimodzi mwa zifukwa zomwe ofufuzawo anaganizira n'chakuti ana a m'mbali mwa nyanja amadya kale nsomba. Ophunzira ambiri amaopa kulemba kuti sanapeze kusiyana, poganiza kuti alephera. Sanalephere. Kudziwa kuti chinthu sichithandiza pamalo pena kumapulumutsa ndalama zomwe zikanatayika.

Kuteteza ubongo kumayambanso ndi katemera. Machinga ndi Balaka anali m'gulu la maboma 11 omwe anayamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S mu Epulo 2019, Malawi atakhala dziko loyamba kumuyika m'ndondomeko ya katemera wa ana.

Sayansi m'kalasi

Sukulu za pulayimale zitakhala zaulere mu 1994, ophunzira anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Khamu limeneli litafika ku sekondale, boma linasandutsa malo ophunzirira a MCDE kukhala sukulu zoyendera za CDSS mu 1998. Mwana wa ku Nsanama akasankhidwa kupita ku Fomu 1, nthawi zambiri amapita ku sukulu yotere. Zambiri mwa izo zinayamba zopanda labotale, ndi aphunzitsi omwe anaphunzira kuphunzitsa ku pulayimale. Silabasi ya 2015 inagawa phunziro la Physical Science kukhala Physics ndi Chemistry, zomwe zinawonjezera kufunika kwa aphunzitsi ndi zipangizo. Pamayeso a MSCE mwana amafunsidwa kuyesa zinthu ndi manja ake, ngakhale kuti ena zipangizozo anangoziona zojambulidwa pa bolodi.

Domasi College of Education, pamsewu wa Zomba ndi Liwonde, ndi komwe kunayambira ntchito ya SMASSE mu 2004 mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA. Inayamba m'chigawo cha maphunziro cha kumwera chakum'mawa, momwe muli Zomba, Machinga, Balaka ndi Mangochi, isanafalikire dziko lonse. Cholinga chake n'chakuti mphunzitsi wa masamu ndi sayansi achepetse kulembetsa manotsi, ana azigwira, kuyesa ndi kukambirana. Aphunzitsi a m'Malawi ali kale ndi dzina la nzeru yogwiritsa ntchito zopezeka pafupi, TALULAR. Madzi ofiira a chidede amakhalabe ofiira akathiridwa mandimu kapena bwemba, koma amasanduka obiriwira akathiridwa chidulo chomwe amayi amacheza ku phulusa pophika therere. Phunziro lonse la maasidi ndi zinthu zowathetsa mphamvu lingayambire pamenepo, popanda botolo limodzi logula ku Blantyre.

Ophunzira a uphunzitsi amakonda kufufuza njira zoterezi pa nthawi yomwe atumizidwa kukaphunzitsa m'sukulu. Amatenga makalasi awiri, imodzi n'kuiphunzitsa mwa njira yatsopano, inayo mwa kale, kenako n'kuyerekeza mayeso. Kafukufuku wotere ali ndi msampha womwe woyang'anira wabwino amauona msanga. Wophunzirayo amaikonda njira yake yatsopano, amaikonzekera usiku wonse, ndipo ana amasangalala ndi mlendo. Kalasi ikakhoza bwino, n'kovuta kudziwa ngati chathandiza ndi chidede kapena changu cha mphunzitsi. Makalasi awiri okha n'ngochepanso. Ophunzira khumi otumizidwa m'sukulu khumi za Machinga ndi Balaka, atagwirizana funso limodzi ndi mayeso amodzi, angapeze yankho lolimba kuposa mabuku khumi a mafunso osiyana.

Vuto lalikulu kuposa zipangizo ndi chilankhulo. Lamulo la maphunziro la 2013 linati Chingerezi ndicho chilankhulo chophunzitsira. Mwana wa ku Nsanama amalankhula Chiyao pakhomo, amaphunzira kuwerenga m'Chichewa, ambiri amaloweza Chiarabu ku madarasa masana, ndipo sayansi amaimva m'Chingerezi. Akalephera funso la kayendedwe ka magazi, sizidziwika ngati sanamvetse mtima kapena sanamvetse chiganizo. Kafukufuku wa Population Council uja anapezanso kuti atasiya sukulu, atsikana ankatsika pa Chingerezi kuposa anyamata omwe analekezera kalasi imodzimodzi. Aphunzitsi ambiri amasakaniza zilankhulo mwakachetechete kuti ana amve, ndipo amachita bwino. Chosowa ndi umboni woti kusakanizako kumathandiza kwambiri pa mfundo ziti, ndiponso kuchuluka kotani.

Komwe zopezeka zimathera

Ntchito ya ophunzira itha kufika patali ikapeza oigwira dzanja. Makina a Pumani othandiza makanda obadwa masiku osakwana kupuma anayamba ngati ntchito ya ophunzira a digiri yoyamba a ku Rice University ku Texas, omwe anagwiritsa ntchito timapampu ta mpweya ta m'mathanki oweteramo nsomba. Atayesedwa pa Queen Elizabeth mu 2012, makanda opulumuka anakwera kuchoka pa 44 kufika pa 71 mwa 100 alionse, ndipo makinawo anafalikira m'zipatala za boma. Chinawasiyanitsa ndi ntchito zina za ophunzira n'chakuti madokotala ndi anamwino a ku Blantyre anali m'katimo kuyambira pachiyambi, ndipo panapezeka ndalama zoyesera.

Wophunzira wa ku Malawi kawirikawiri amadzilipirira yekha thiransipoti, mapepala ndi womasulira. N'chifukwa chake ambiri amafufuza pafupi ndi mpanda wa koleji, amafunsa anthu makumi angapo, ndipo midzi ya kutali ndi tala, komwe mavuto ndi aakulu, imatsala. Buku likatha limalembedwa m'Chingerezi, limaikidwa pa shelefu ya laibulale, mwini wake n'kupita kukasaka ntchito. Ochepa amafika mu Malawi Medical Journal kapena pa misonkhano ya pachaka ya ofufuza. Mfumu yomwe inapereka chilolezo, mphunzitsi wamkulu yemwe anapereka kalasi, ndi mayi yemwe anayankha mafunso samva chomwe chinapezeka, ndipo chaka chotsatira kumabwera wina ndi mafunso omwewo.

Njira zobwezera zotsatira zilipo kale ndipo sizidula. Boma lililonse lili ndi komiti ya akuluakulu a nthambi za boma yomwe imakumana kwa bwanamkubwa, ndipo m'madera muli makomiti a chitukuko a ADC ndi VDC, makomiti a sukulu, magulu a amayi oyang'anira atsikana, ndi misonkhano ya aphunzitsi ku TDC. Tsamba limodzi la m'Chichewa ndi m'Chiyao, lowerengedwa pa msonkhano wotere, lingakhale gawo la zomwe yunivesite imafuna isanapereke digiri.

Wophunzira wopanda ndalama ya ulendo ali ndi poyambira pena. National Statistical Office ku Zomba imasunga zotsatira za kalembera ndi za kafukufuku wa mabanja, ndipo zomwe anasonkhanitsa a Tsogolo la Thanzi, omwe anatsatira atsikana pafupifupi 1,500 a ku Balaka kuyambira mu 2009, zimaperekedwa kwa ofufuza opempha, maina atachotsedwa. Kuofesi ya zachisamaliro cha anthu kuli kaundula wa mabanja a Mtukula Pakhomo, kuchipatala kuli kaundula wa ana ogonekedwa ndi malungo aakulu, kusukulu kuli kaundula wa kujomba ndi wa mayeso. Makaundula atatuwa amasungidwa ndi maunduna atatu osiyana, ndipo kuwalumikiza kumafuna chilolezo cha komiti, cha makolo ndi cha maofesi onsewo. Ophunzira atatu, wa ku Zomba, wa ku Blantyre ndi wa ku Domasi, atapatsidwa midzi imodzimodzi ya kwa Nsanama ndi oyang'anira ogwirizana, angathe kufufuza ngati ana a m'mabanja olandira ndalama amafika msanga kuchipatala, ndiponso momwe ana ochira malungo a mu ubongo amakhozera masamu ndi sayansi akafika Sitandade 5.